Si lamba amene anandilera

Abale anga akasonkhana, kaya ndi pa chinkhoswe kaya pomanga chiliza, sipalephera kupezeka munthu wondiloza n'kunena kuti, "Mwamuona uyu? Amalume akewa akanapanda kumuwongola ali wamng'ono, bwenzi pano ali chidakwa ku Kachulu." Anthu amavomereza ndi mitu. Amalumewo, amene pano akalamba ndipo amayendera ndodo, amangomwetulira pampando pawo, kulandira ulemu. Ine ndimaweramira pansi n'kumapitiriza kudya, chifukwa pagulu la akuluakulu mwana sayankha, ngakhale mwanayo atayamba kumera imvi.

Kwa iwo umboni ndi wokwanira. Ndili ndi shedi yanga ya ukalipentala kuno ku Zomba, ndili pabanja, ana anga ali pasukulu, mowa sindilawa, ndipo sindinagonepo m'chitokosi. Ndiye kuti lamba anagwira ntchito yake. Zimene sindinena pa chinkhoswe ndizinena pano: lamba uja sanandipatse kanthu kalikonse kabwino. Zabwino zimene ndili nazo zinabwera pambuyo pake, kuchokera kwa anthu ena, ndipo zambiri mwa izo zinabwera kudzakonza zimene lambayo anawononga.

Ndinabadwira kufupi ndi doko la Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa. Bambo anali msodzi wa matemba. Mu 1995 nyanja inaphwa, moti pamene pankadutsa mabwato anthu ankayendapo ndi miyendo, nthaka itang'ambikang'ambika. Bambo ananyamula ukonde wawo kuti akayesere ku Mangochi, ndipo sanabwererenso. Mayi n'kuti atayamba kale kudwala matenda amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina, ndipo sipanatenge nthawi tinawaika m'manda. Kwathu mwini mbumba ndi malume, choncho panalibe zokambirana zambiri. Amalume ankagwira ntchito m'tauni. Anaimirira pamaliro pomwepo n'kulengeza kuti popeza sukulu ya pulayimale inali yaulere kuyambira 1994, anditenga ine pamodzi ndi mchemwali wanga, mwana wa mayi aakulu amenenso anali wamasiye, kuti tikaphunzire m'tauni. Anthu anawomba m'manja mwaulemu, amvekere mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kusukuluko anatilembetsadi. Koma tsiku langa linkayamba tambala woyamba akalira: kusesa pabwalo, kukatunga madzi, kukoleza mbaula, kutenthetsa madzi osamba a eni nyumba ndi ana awo. Ndikaweruka, kapena masiku ena osapita n'komwe, ndinkasenza beseni la zitumbuwa kukakhala nalo m'mbali mwa msewu. Loweruka tinkakwera phiri kukatola nkhuni, kudutsana ndi magalimoto a alendo opita ku Chawe ndi anyamata ogulitsa masituloberi m'timbale, n'kutsika madzulo khosi litauma gwa. Ntchito payokha sindiidandaula, mwana aliyense wa kumudzi amagwira ntchito. Kungoti ana a m'nyumbamo, amsinkhu wanga omwe, ankadzuka madzi atatentha kale.

Zitumbuwa ankaziwerenga ndisananyamuke, ndalama ankaziwerenga ndikabwera. Pakaperewera ngakhale matambala ochepa, lamba ankavulidwa, ndipo ankamugwira kumapeto kuti chitsulo chija ndicho chifike pathupi. Komabe kumenyedwa chifukwa cha ndalama kunali kwabwinoko, poti ndinkadziwa mlandu wanga. Oopsa anali masiku opanda mlandu. Ndinaphunzira kumvetsera njinga. Amalume akafika madzulo n'kuitsamiritsa bwinobwino pakhoma, ndinkadziwa kuti lero tigona. Ikangomveka kuti gubudu pansi, belu n'kulira lokha, m'mimba mwanga munkatentha, ndipo ndinkayamba kufufuza m'mutu kuti kodi lero ndi chiyani. Mwina mbale sindinatsuke bwino. Mwina m'mawa ndinawayang'ana molakwika. Nthawi zambiri sichinali chilichonse mwa izi. Anali atawakwiyitsa kuntchito, kapena atadzera kokamwa.

Akazi awo sankamenya kwenikweni. Iwo zida zawo zinali nsima ndi pakamwa. Awirife tinkadya ena onse akamaliza, kukhitchini, ndipo kawirikawiri zotsala zinkakhala nkhoko za mumphika ndi timsuzi. "Chakudya chino chili ndi eni ake," ankatero. Tsiku lina, ndili ndi zaka ngati 11, anandiuza kuti mayi anga anafa ndi uhule wawo ndipo inenso ndiwatsatira posachedwa. Mabala a lamba anapola, zipsera zina sizionekanso n'komwe, koma mawu amenewo ndinakula nawo. Tsiku limene ndinapita kukayezetsa magazi, ndili wamkulu kale, ndinalowa m'chipindamo ndikunjenjemera, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti temberero lija lafika.

Ndinkakodza pogona mpaka zaka 13. Mphasa ankaiyanika pampanda, poonekera, n'kuitana ana a m'nyumba zoyandikana kuti adzaone. Kenako lamba. Palibe amene anaganizapo kuti mwina mantha omwewo ndiwo ankandikodzetsa.

Nyumba za m'dera lathu zinali zothithikana, ukatsokomola mnzako amamva. Ndiye musaganize kuti anthu sankadziwa. Ankadziwa, ndipo m'mawa ankapatsana moni ndi amalume mwansangala. Za m'nyumba mwa eni sazilowerera. Panali mayi mmodzi yekha, wogulitsa makala, amene nthawi zina ankandipatsira mbatata yootcha pamwamba pa mpanda osanena kanthu. Kusukulu nako ndikafika mochedwa chifukwa cha madzi aja, ndinkapeza ndodo ikundidikira pakhomo la kalasi.

Tsono poti abale anga amati lamba anali mphunzitsi, ndikuuzeni zimene anandiphunzitsa. Kunama msanga, ndisanaganize n'komwe, ngakhale pa zinthu zimene chilungamo sichikanandipweteka. Kuba chakudya n'kukadyera kuchimbudzi. Kudziwa mtima wa munthu pongomuona nkhope akadali patali. Anandiphunzitsanso kuchoka m'thupi mwanga: ankatha kumenya ine ndili kwina, ndikuwerenga misomali ya padenga. Ulemu umene alendo ankauyamikira, amvekere mwana uyu ngofatsa, anali mantha basi. Pochoka pakhomopo ndinalibe khalidwe lililonse loti n'langalanga. Chimene ndinali nacho ndi luso lozemba.

Ndinachoka m'chaka cha njala, 2002. Chimanga chitasowa, anthu akugona pamizere m'misika ya ADMARC, nkhoko zija nazonso zinayamba kukhala ndi eni ake. Ndinaona kuti njala ya kunja ndi ya m'nyumba n'chimodzimodzi, kungoti kunja kulibe lamba. Ndinkagona m'makonde a sitolo kufupi ndi depoti, masana n'kumanyamulira anthu katundu kumsika. Anyamata amene ndinawapeza kumeneko pafupifupi aliyense anali ndi nkhani yofanana ndi yanga: bambo omupeza, mayi omupeza, azakhali, amalume. Onsewo anali atawongoledwa mokwanira.

Amene anandichotsa kumeneko anali bambo ena achikulire okhoma mabokosi a maliro. Ndinawanyamulira matabwa kangapo, ndipo tsiku lina anangoti, "Mwanawe, mawa ulawire, uzidzandigwirira sandipepala." Tonse tinkawatchula kuti amisiri. Anali Msilamu wa mawu ochepa, Lachisanu masana ankatseka shedi kupita kumzikiti, ndipo sanandifunsepo za kumene ndinachokera. Zaka zimenezo mabokosi ankayenda malonda kuposa china chilichonse. Edzi inali pachimake, ndipo ma ARV aulere anali asanayambe m'zipatala za boma. Tinkakhoma mpaka usiku, nyali ili pa benchi.

Patatha miyezi ingapo anandigwiritsa sowo. Tsiku lina, anamfedwa akudikira panja ndi galimoto, thabwa la m'mbali ndinalidula lalifupi, kuperewera chikhatho chathunthu. Nditaligundaniza ndi linzake n'kuona kusiyana, miyendo inachita yokha. Ndinanyonyomala pa utuchi, manja kumutu, maso nditatsinzina. Ndinamva amisiri akuyandikira, hamala ili m'manja poti ankakhoma chivundikiro. Ndinadikira. Kenako ndinamva hamala ija akuiika pa benchi, pang'onopang'ono.

"Dzuka, mwanawe. Ukubisalira ndani?"

Sindinayankhe.

"Thabwa ili silinatayike, tipangira kampando. Katenge lina uko. Ndikugwirira tepi."

Anagwiradi tepi, ine n'kulemba ndi pensulo, dzanja likunjenjemera moti mzere unakhota ndipo anachita kuufufuta ndi chala chawo. Bokosi linatha, anamfedwa ananyamuka. Madzulo nkhaniyo sanaitchulenso. Ine usiku umenewo sindinaone tulo, chifukwa kumene ndinachokera chilango chochedwa ndicho chinkapweteka kwambiri. Ndinachidikira mawa lake, ndi mkuja. Sichinabwere.

Anthu amaganiza kuti mwana wozunzidwa akangokumana ndi munthu wabwino amasintha pompo. Ayi ndithu. Ine ubwino wa amisiri unkandisowetsa mtendere, ndipo ndinkauputa dala kuti ndione pamene uthere. Ndinkatapa misomali n'kukagulitsa. Iwo ankadziwa, poti misomali ankagula pa kilo ndipo ankadziwa bwino kuti kilo imodzi imatulutsa mabokosi angati. Anangondiitanira pambali n'kunena kuti, "Misomali ikuchepa. Ngati ndi njala, uzinena kuti njala." Masana akazi awo ankatumiza nsima m'mabakuli, ndipo tonse, iwo, ine ndi anyamata ena a pashedipo, tinkasamba m'manja n'kudyera pamodzi. Ndinkameza nsima yamoto mpaka misozi kulengeza, ndipo mbamu zina ndinkazilowetsa m'thumba la kabudula. Amisiri ankaona. Sananene kanthu, koma sabata yotsatira mitanda inayamba kubwera yochulukirapo, ndipo zinakhala choncho mpaka ndinasiya ndekha kubisa.

Akuluakulu amati mtengo amauwongola ukadali waung'ono, ndipo amene amakonda mawu amenewa kawirikawiri amakhala ali ndi chikwapu m'manja. Ine ntchito yanga ndi ya mitengo yomweyo. Thabwa lopindika sitiliwongola ndi hamala. Ukalimenya limangodindika mabala, mwinanso kung'aluka. Timalisanja pamthunzi, pamalo osalala, kuika timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, kutsindira cholemera pamwamba, n'kulisiya milungu. Amisiri anachita zomwezo ndi ine, ndipo zinawatengera zaka.

Ma ARV atayamba kuperekedwa mu 2004, maliro anayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo shedi yathu inatembenukira ku mabedi, zitseko ndi mipando. Ndi amisiri omwewo amene anandiumiriza kubwerera kusukulu, amvekere kalipentala wosadziwa masamu makasitomala amamudyera masuku pamutu. Ndinayambira pamene ndinasiyira, kumaphunzira madzulo ndikaweruka, ndipo mayeso a Fomu 4 ndinalemba ndili ndi ndevu.

Zaka zingapo zapitazo ndinkakhoma mashelefu a mabuku kunyumba kwa mayi ena ophunzitsa ku Chanco. Ataona chipsera cha paphewa panga anafunsa, ndipo ine, mwina chifukwa maso anga anali pa thabwa osati pa iwo, ndinawauza. Iwowo ndi amene anandionetsa kafukufuku wa mu 2013 wokhudza nkhanza zochitira ana m'dziko muno, amene boma linachita mothandizana ndi UNICEF ndi a Centre for Social Research a konkuno ku Zomba. Anapeza kuti anyamata awiri mwa atatu alionse anachitidwapo nkhanza zomenyedwa asanakwanitse zaka 18, ndipo kwa atsikana anali awiri mwa asanu alionse. Mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa 7 alionse anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana. Ndinaima tepi ili m'manja n'kuyamba kuwerenga m'mutu amuna amene ndimapemphera nawo, amene ndimaonera nawo mpira, amene ndimagula kwa iwo matabwa. Kumenya kukanakhala kuti kumakonza anthu, bwenzi dziko lino lili la angelo okhaokha.

Anandiuzanso za mayi wina wa ku America, Emmy Werner, amene anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pa chilumba cha Kauai ku Hawaii, kuyambira ali makanda mpaka atafika zaka 40. Mwa ana amene anakulira mu umphawi ndi m'mabanja achipwirikiti, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anakula bwino ndithu. Pofufuza chimene chinawasiyanitsa ndi anzawo, china chimene chinkaonekaoneka chinali chakuti anali ndi munthu wamkulu, ngakhale mmodzi, amene ankawasamala mosasinthasintha, kaya agogo, kaya mphunzitsi, kaya woyandikana naye nyumba. Pamenepo sindinafunike kufotokozeredwa zambiri. Wanga ankayenda ndi utuchi wa paini m'ndevu.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kumawerengako ndekha pa foni. Akatswiri awiri a za maganizo, Richard Tedeschi ndi Lawrence Calhoun, m'zaka za m'ma 1990 analemba za anthu amene amatuluka m'masautso ali ndi mphamvu zimene sankadzidziwa nazo, akuyamikira moyo kuposa kale, akumvana ndi anzawo mozama. Ena amatenga zimenezi n'kumati ndiye kuti kuvutika n'kwabwino. Chikhalirecho eni akewo ananena momveka kuti kukulako sikuchokera m'tsokalo, kumachokera m'kulimbana kumene munthu amachita pambuyo pake, ndiponso kuti munthu akhoza kumakula uku ululu ukadalipo.

Ndipo pali funso limene abale anga salifunsa. Ku Kachulu tinachokako awiri. Lamba anali yemweyo, nkhoko zomwezo. Mchemwali wanga anakumananso ndi zina zimene ine sindinakumane nazo, zimene anadzandiuza tili akuluakulu ndipo si zanga kuti ndizilembe. Anasiya sukulu, ndipo ali ndi zaka 15 anakwatiwa ndi bambo wamkulu, kungofuna kuchoka pakhomopo. Lamulo loti ukwati uziyambira zaka 18 linabwera mu 2015, ndipo mu 2017 anasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 azitengedwa kuti ndi mwana. Iye n'kuti ali kale ndi ana anayi, ali pabanja lachiwiri. Ndi munthu wanzeru kuposa ine, masamu ankandiphunzitsa ndi iyeyo, pansi ndi kamtengo. Kungoti iye sanakumane ndi amisiri ake. Pa chinkhoswe palibe amene amamuloza n'kunena kuti taonani ntchito ya amalume. Akamakamba za iye amati anali wosamva chiyambire.

Kusintha kwanga sikunathere kushedi. Nditakwatira, mkazi wanga anapeza kuti wakwatiwa ndi munthu amene sungamugwire paphewa modzidzimutsa, amene amadzuka usiku njinga ikagwa panja, amene akakwiya amangoti duu masiku angapo. Ankandifunsa kuti, "Kodi bambo, ndakulakwirani chiyani?" ine n'kusowa poyambira. Kuno ku Zomba nkhani ya maganizo ili ndi vuto lakelake. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili konkuno, ndipo tonse tinakula tikuopsezana kuti akutengera ku Mental. Ndiye mwamuna akaganiza zonena kuti m'mutu mwanga simukuyenda bwino, amaona ngati akudzilembera yekha kalata yopita kumeneko, pamene anthu ambiri ofuna thandizo safunika kugonekedwa n'komwe, amangofunika munthu wodziwa kumvetsera. Ine chinanditsegula pakamwa ndi m'mimba. Ndinkapita kuchipatala pafupipafupi m'mimba mukuwotcha, ndipo namwino wina, m'malo mongondipatsa mankhwala a masiku onse, anafunsa kuti, "Bambo, usiku mumagona bwanji?" Ananditumiza kwa mlangizi, ndipo ndinkapita kukacheza naye kwa miyezi ingapo. Sanandipatse nzeru zachilendo. Anandithandiza kuona kuti thupi langa linali likadali tcheru, kudikira njinga ija, ndipo anandiphunzitsa kuzindikira msanga zikamayamba: nsagwada kulimba, manja kuzizira, mpweya kufupika. Anatchulanso za madokotala a ku America amene anafufuza anthu oposa 17,000 ku California n'kuyamba kulengeza mu 1998 kuti amene anakumana ndi zowawa zambiri ali ana ndi amenenso amagwidwa kwambiri ndi matenda a mtima, kuvutika maganizo ndi uchidakwa akakula. Kunena zoona, zinandipsetsa mtima. Womenya ali phee kwawo, wodwala n'kukhala ine.

Mantha anga aakulu anali ana. Anthu amati womenyedwa amadzamenyanso, ndipo mwana wathu woyamba atabadwa ndinkaopa kutsala naye ndekha. Ndinapepukidwa nditawerenga kuti ofufuza awiri a pa yunivesite ya Yale, Joan Kaufman ndi Edward Zigler, ataunika nkhaniyi mu 1987 anapeza kuti mwa anthu amene anazunzidwa ali ana, pafupifupi mmodzi mwa atatu ndi amene amadzazunza ake. Si chiwerengero chaching'ono, koma awiri otsalawo satero, ndipo ine ndinatsimikiza zokhala m'gulu la awiriwo.

Mkwiyo umabwerabe. Mwana akagubuduza chitini cha vanishi, dzanja limadziwa lokha kolowera. Ndikangomva nsagwada zikulimba ndimatuluka, kukatenga puleni n'kupala thabwa lililonse limene lili pafupi mpaka mapewa atatopa, kenako n'kubwerera kudzakamba mlanduwo. Chilango chimakhalapo ndithu: amasesa shedi, kapena mpira wa Loweruka umamudutsa. Abale amati ndikuwalekerera, ena mpaka amanditsegulira vesi ija ya ndodo. N'zoona kuti njira imeneyi ndi yochedwa ndipo imatopetsa, pamene lamba amathetsa phokoso nthawi yomweyo. Koma mwana wanga wamkazi akaswa kapu amabwera yekha kudzanena, zidutswa zili m'manja. Ine pa msinkhu wake ndikanazikwirira kudzala n'kulumbira pali Mulungu kuti kapuyo sindinaione.

Za kukhululuka ndiye andilalikira mpaka makutu kuwawa. Ndinayesapo kukamba ndi amalume, tili awiri pakhonde pawo. Ndinati, "Amalume, mukukumbukira mmene munkandimenyera?" Anandiyang'ana modabwa kwenikweni, n'kunena kuti, "Ndinkakukonza. Ifenso tinakula choncho. Agogo ako ankatimangirira pamtengo wa mango." Ndikukhulupirira kuti zimenezo zinachitikadi, ndipo kamnyamata kamene kanamangiriridwa pamtengo kaja ndimakamvera chisoni. Koma kamnyamatako kanakula, kanapeza ntchito, kanabereka ana akeake amene chitsulo cha lamba sichinawakhudzepo. Kusiyanitsa ankakudziwa. Ndiye ndinasankha zimene ndingathe. Mankhwala awo a BP ndimagula, akadwala galimoto yopita kuchipatala ndimalipira, ndipo tsiku limene Mulungu adzawaitane, bokosi lawo ndidzakhoma ndekha ndi matabwa abwino. Koma ana anga sagona pakhomo pawo, ndipo mawu akuti zikomo pondilera sadzawamva pakamwa panga. Abusa ena amati pamenepo ndiye kuti sindinakhululuke. Mwina n'zoona. Ine chimene ndimaona n'chakuti sindiwafunira choipa, ndipo tulo masiku ano ndimagona.

Pali zimene ndinapeza, sindikana. Mwana wanjala ndimamuzindikira pa kadyedwe. Mwa anyamata amene ndimawaphunzitsa ntchito, ena ndinawatenga kudepoti komwe kuja, ndipo ndimadziwa kuti wofatsitsitsayo ndi amene afunika diso, ndiponso kuti tsiku limene wayamba kundiyankha ndi kunditsutsa ndiye kuti wayamba kuchira. Akatapa misomali sindidabwa. Luso lodziwa munthu pa nkhope lija limandithandiza pa malonda, kasitomala wosalipira ndimamuona asanatsike pa kabaza. Koma zonsezi ndikanatha kuziphunzira pa mtengo wotsika, ndipo akanandipatsa mwayi wosankha, ndikanasankha kukula ndi mayi anga n'kukhala kalipentala wamba wosazindikira zambiri.

Masiku ano zinthu zinasinthako, makamaka papepala. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kholo kapena aliyense wolera mwana ali ndi udindo womuteteza ku nkhanza ndi kunyalanyazidwa. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support, m'madera muli ogwira ntchito yoteteza ana, ndipo nambala ya 116, imene amayendetsa a YONECO a konkuno ku Zomba, ndi yaulere. Ndinailemba ndi penti pakhoma la shedi, pafupi ndi pamene ndinalemba mtengo wa bedi ndi wa chitseko. Koma mwana wa zaka 9 wochokera kumudzi alibe foni, ndipo iye amaganiza kuti m'tauni amakhala choncho. Ana otengedwa kumudzi kuti akaphunzire akadali ambiri m'nyumba za ku Matawale, ku Chinamwali, ku Sadzi, ngakhale kuseri kwa mipanda ya njerwa ya anthu ophunzira bwino.

Miyezi yapitayi kunyumba ina yoyandikana ndi yathu kunabwera kamtsikana kotere. Usiku wina kulira kunapitirira, kulira kuja kwa mwana amene wasiya kupepesa. Mkazi wanga anandiyang'ana. Ndinavala malaya n'kukagogoda, mawondo akuwombana, poti mpaka lero mawu a mwamuna wolusa amandibwezera ku ubwana.

"Ndani?"

"Ndine neba wanu, achimwene. Ndamva mwana akulira."

"Ndiye zikukukhudzani?"

"Zikundikhudza, poti zikumveka mpaka kwathu."

Anatsegula pang'ono n'kundiuza kuti ndizisamala za matabwa anga. Koma kumenyako kunaima. M'mawa mwake ndinakauza amfumu ndi mayi amene amaona zoteteza ana m'dera lathu, ndipo anabwera kudzacheza ndi banjalo. Bamboyo anasiya kundipatsa moni, ndipo chitseko chimene anandiuza kuti ndimukhomere anakapereka kwa kalipentala wina. Anthu ena m'derali akuti ndinalowerera za eni. Kamtsikanako kakadali pakhomopo, kayamba kupita kusukulu masiku ambiri, ndipo mkazi wanga amakaitana Loweruka kudzakaluka tsitsi kuti apezerepo mpata woona mmene thupi lake lilili. Nkhaniyi ikubwereranso kwa amfumu kumapeto kwa mwezi uno. Achibale a mwanayo ochokera ku Jali adzakhalapo, ndipo ine andiuza kuti ndikafotokoze zimene ndinamva usiku uja.